Achemwali anga ndi pepala la a Madilowa

Achemwali anga ndi mphunzitsi pa yunivesite, koma mukawafunsa mayi athu kuti mwana wanu woyamba amagwira ntchito yanji, amayankha kuti, "Amakanidwa." Sanena monyoza ayi. Ndi mawu amene amawamva pafupipafupi m'nyumba muja, ndiye anangoganiza kuti ntchito yake ndi imeneyo.

Ine ndine woluka tsitsi. Ndili ndi kasaluni kuseri kwa sitolo ya zitsulo, ndipo za ku yunivesite ndimazidziwa chifukwa kamodzi pa mwezi mutu wa achemwali umakhala m'manja mwanga. Munthu ukamugwira m'mutu amalankhula, ngakhale amene kunyumba kwake amadziwika kuti ndi wosayankhula.

Zimene iwo amaphunzitsa n'zokhudza kufufuza zinthu pa makina. Mukalemba mawu pa foni kuti mupeze chinachake, mumakhala chinthu mkatimo chimene chimasankha kuti yankho ili libwere pamwamba, ilo lipite pansi. Achemwali amafufuza za kasankhidwe kameneko, makamaka wofunsayo akalemba m'chilankhulo chimene makinawo sachidziwa bwino, kapena akalakwitsa kalembedwe. Anthu a ntchito imeneyi amakhala ndi msonkhano waukulu chaka ndi chaka. Kuti ukalankhuleko, umalemba lipoti la kafukufuku wako, limene eni ake amangoti pepala, n'kutumiza pa intaneti. Kumeneko limawerengedwa ndi owunika, anthu amene suwadziwa ndipo iwonso sakudziwa, ndiye amanena kuti lilowe kapena libwerere. Mphunzitsi wopanda mapepala olandiridwa sakwezedwa, ngakhale ataphunzitsa mpaka mawu kusasa.

Achemwali sanayambire pamenepo. Atamaliza sekondale analembedwa ntchito yobwezera mabuku m'mashelefu mu laibulale ya yunivesite yomweyo. Mkulu wa laibulale nthawi imeneyo anali bambo wina wamtali, woonda, amene ophunzira anamupatsa dzina loti a Madilowa, chifukwa chokonda kabati yake ya timadilowa tambirimbiri tosungira makadi a mabuku. Ndiwo anawakakamiza achemwali kubwerera ku sukulu. Ankawaitana mu ofesi n'kuwafunsa kuti, "Ukufuna kukalamba ukukankha ngolo ya mabuku?" Anawapezera malo m'kalasi ya ogwira ntchito, ankawakonzera zolemba zawo ndi cholembera chofiira mpaka pepala kuoneka ngati lavulala, ndipo tsiku lolandira digiri anakhala pa mzere wa makolo pambali pa mayi athu, popeza bambo athu anali atatisiya kale. Kuyambira pamenepo achemwali sanawatchulepo dzina lina koma Aphunzitsi.

Pamene a Madilowa amapuma ntchito, achemwali anali atayamba kuphunzitsa, atakwatiwa, ali ndi ana atatu. Alamu anga amakonza mafiriji. Ndi munthu wofatsa, wanthabwala zoziziritsa ngati ntchito yawo. Amati m'banja mwawo alimo atatu, iwo, mkazi wawo, ndi laputopu, ndipo wamng'ono pa onse ndi iwo. Mayi athunso amakhala komweko chifukwa cha matenda a shuga, ndipo wowabaya jakisoni m'mawa ndi achemwali, asanathamangire kalasi yoyamba.

Achemwali pepala lawo lalikulu analitumiza ku msonkhano uja kangapo konse. Ulendo woyamba owunika anati kafukufukuyu wachepa. Anawonjezera. Ulendo wotsatira anati wachulutsa zinthu, sakudziwika chimene akufuna kunena. Chaka china wowunika wina anawalangiza kuti asanalembe za nkhaniyi ayambe awerenga kapepala kenakake kothandiza, ndipo kapepala kameneko analemba ndi iwo omwe. Anandiuza zimenezi ndikuwapesa. Ine ndinaseka mpaka chipeso kugwa, iwo anangoti, "Seka, mng'ono wanga, mmodzi wa ife asekeko."

Kenaka a komiti ya msonkhano anawapempha kuti awathandize. Mkulu wa dipatimenti yawo anati ndi ulemu waukulu, avomere msanga. Atavomera m'pamene anazindikira chifukwa chake ulemuwo unalambalala anthu onse mpaka kudzafika kwa iwo. Inali ntchito ya mlonda wa pa geti. Pepala lililonse lisanapite kwa owunika, iwo ankalitsegula n'kuona ngati latsata malamulo: dzina la wolemba lisaoneke paliponse, masamba asapitirire malire. Lophwanya lamulo ankalibweza osawerengedwa, ndipo tsiku lotseka likadutsa panalibenso mpata wokonza. Mapepala ankabwera mazanamazana. Obwezeredwa ena ankalemba mopepesa, ena mowopseza, wina anawauza kuti Mulungu akuwaona. Malipiro panalibe, kupatula dzina lawo m'tizilembo ting'onoting'ono kumapeto kwa kabuku ka msonkhano.

Loweruka lina, tsiku lotseka litangodutsa, anabwera kudzalukitsa ali ndi laputopu pamiyendo monga mwa masiku onse. Ndinali nditafika pakati pa mutu pamene ndinamva khosi lawo likuuma.

"Siya kaye," anatero.

"Ndakukokani?"

"Ayi. Taona apa."

Ndinasuzumira. Ine Chingerezi cha m'mapepala amenewo chimandidutsa, koma dzina ndinaliwerenga. Linali pa tsamba loyamba, m'zilembo zikuluzikulu, ndi maudindo ake onse. Anali a Madilowa. Achemwali anatsitsa pepalalo pang'onopang'ono, ndipo silinkatha. Masamba anali pafupifupi kuwirikiza kawiri malire. Kumapeto kwenikweni kunali mawu othokoza, ndipo pakati pa othokozedwa panali dzina la achemwali, "wophunzira wanga amene anandiposa."

"Ndiye mutani?" ndinafunsa.

"Lamulo ndi lamulo."

"Simungangofufuta dzinalo inu nomwe? Angadziwe ndani?"

"Makina amalemba chilichonse chimene ndakhudza. Komanso dzulo ndabweza la mtsikana wina chifukwa chopitirira ndi theka la tsamba. Theka! Iyenso ali ndi aphunzitsi ake, ali ndi amayi ake." Anatseka laputopu. "Maliza kuluka."

Analembera akuluakulu a komiti, kufotokoza kuti wolembayo ndi munthu wachikulire, wa maso ofooka, amene mwina malamulowo sanawaone. Yankho linabwera laulemu kwambiri. Anati akumvetsa, koma akatsegulira mmodzi ndiye kuti atsegulira onse, ndipo ngati zikuwavuta atha kupempha wina kuti abweze pepalalo m'malo mwawo. Achemwali anakana. Anandiuza kuti ngati Aphunzitsi akanidwe, bola akanidwe ndi munthu wowadziwa. Anadina okha, makina n'kutumiza uthenga wake wa nthawi zonse, womwe uja umayamba ndi kuthokoza.

Panadutsa masabata. A Madilowa sanaimbe foni, achemwali nawo sanaimbe. Alamu anga anandiuza kuti mkazi wawo ayamba kuyankha mafunso amene sanafunsidwe, ndipo tsiku lina anaika makiyi a galimoto mu firiji. "Ine ndiye ndinasangalala," anatero alamu, "kuti tsopano ayamba kuonetsa chidwi pa ntchito yanga."

Lamlungu lina masana anandiimbira. "Undiperekeze kwa Aphunzitsi. Iwe umadziwa kucheza ndi anthu okhumudwa, ndi makasitomala ako a tsiku ndi tsiku."

A Madilowa ankakhala okha m'nyumba ya pamwamba, pa mdadada wakale wa masitepe otsetsereka. Akazi awo anali atamwalira, ana ali kutali ndi ntchito. Anatitsegulira atavala jekete, ngati tikubwera ku ofesi. Pabalaza panali kabati ija ya timadilowa, imene anaipempha pamene laibulale inkaitaya, ndipo inadya theka la chipinda. Pa tebulo panali kompyuta, zilembo zake zitakulitsidwa kwambiri moti pa sikirini pankakwana mawu ochepa okha. Pambali pake panali galasi lokulitsira zinthu, chogwirira chake chomangidwa ndi tepi. Nditaona zimenezo ndinadziwa kuti malamulo a msonkhano aja, ataliatali monga analili, munthuyu sakanawamaliza.

Anatipatsa tiyi. Anafunsa za mayi athu, za ana, za saluni yanga. Kenaka anaika kapu pansi.

"Uthenga uja ndinauona. Unalembedwa ndi munthu kapena makina?"

"Mawu ndi a makina, Aphunzitsi," anayankha achemwali. "Koma chala chinali changa."

Anagwedeza mutu. "Ndinaganiza choncho. Dzina lako ndinaliona pa komiti. Ndinati mwina likafika pa geti lipeza wachibale."

"Munalemba dzina lanu, ndipo masamba anapitirira. Ndinapempha, anakana."

"M'masiku athu munthu ankanyadira dzina lake. Lero mukuti tibise ngati tapalamula." Anakankhira kapu pambali. "Zimenezo zisiye. Ndikufuna kudziwa chinthu chimodzi. Alipo amene analiwerenga?"

"Ine ndinaliwerenga."

"Lonse?"

"Lonse."

"Ndiye?"

Ndinawaponda achemwali phazi pansi pa tebulo. Ku saluni kasitomala akafunsa ngati sitayilo yamukhala, pamakhala njira zambiri zoyankhira. Koma achemwali anakulira m'manja mwa cholembera chofiira chija, ndipo njira amadziwa imodzi.

"Theka loyamba ndi zinthu zimene anthu anazisiya kalekale, Aphunzitsi. Mabuku amene mwatchula, owunika ambiri anali asanabadwe pamene ankalembedwa. Likanapita kwa iwo akanalibweza ndithu. Koma pakati pali mfundo yabwino. Pamene mukunena kuti munthu akabwera pa desiki ya laibulale, funso lake loyamba silikhala limene wabwerera, mpaka umufunse kawiri katatu, pomwe makina amayankha loyambalo n'kukhutira. Pamenepo pali pepala. Koma ndi masamba atatu okha mwa onse aja."

Nkhope ya a Madilowa inasintha. "Amene anakuphunzitsa kulemba chiganizo ndine."

"Ndinu, Aphunzitsi."

"Zaka zonse zimene ndakhala pa desiki ija, iwe ukuti masamba atatu."

M'chipindamo munangomveka wailesi ya anthu a nyumba yapansi. Ine chete amandiwawa, ndiye ndinalankhula chimene chinali pamaso panga.

"Bambo, tsitsi lanu lakula. Amakumetani ndani?"

Anadzigwira kumutu ngati aiwala kuti kuli tsitsi. "Ankandimeta ndi mayi a m'nyumba muno. Kometera kuli masitepe ambiri."

M'chikwama changa simusowa sizasi ndi chipeso. Ndinawakhazika pa mpando pafupi ndi zenera, n'kuwakulunga thaulo m'khosi, pamwamba pa jekete pomwepo chifukwa anakana kuivula. Ndinayamba kumbuyo. Ndisanafike pa makutu anali atayamba kulankhula, osayang'ana aliyense. Anati pepalalo analilemba kwa nthawi yaitali, chala chimodzi, chilembo chimodzichimodzi. Anati m'mawa akadzuka, akamwa mankhwala, tsiku limangoima pakhomo kuwayang'ana, ndipo pepalalo ndilo linkawapatsa chifukwa chovalira jekete. Anati sankafuna kupita ku msonkhanoko, maondo sangalole. Ankangofuna kuti anthu a ntchito yawo awatsutse, monga kale.

Nditawasasa tsitsi pa mapewa anatembenukira kwa achemwali. "Masamba atatu akowo. Uwatenge, uwakonze monga amafunira masiku ano. Chaka chamawa titumize limodzi."

Achemwali anandiyang'ana, kenaka anayang'ana pansi. "Chabwino, Aphunzitsi."

Potsika, pa masitepe apakati, achemwali anangokhala pansi ndi chikwama chawo pamiyendo. Ndinaganiza kuti apotokola phazi.

"Langa lija ndilikonza liti?" anandifunsa.

Chaka chotsatiracho ndinkachiona pamutu pa achemwali. Imvi zinayamba cha m'mbali, ndipo tsitsi la patsogolo linayamba kuthothoka moti ndinasiya kuwaluka zokoka. Lamlungu lililonse masana ankakwera masitepe aja. A Madilowa ankamenyera ndime iliyonse ngati mwana wawo. Achemwali akadula chiganizo, sabata yotsatira ankachipeza chabwerera, chitabereka china. Mfundo ija inafunikanso umboni, ndiye achemwali anapempha chilolezo n'kumakhala pa desiki ya laibulale nthawi ya nkhomaliro, kumvetsera mafunso a ophunzira n'kuyerekeza ndi zimene ophunzira omwewo ankalemba pa makina. Makalasi awo sanachepe. Ntchito ya pa geti inabweranso, chifukwa a komiti anati anaigwira bwino kwambiri. Mayi athu anagonekedwa m'chipatala kawiri. Mnyamata amene achemwali anamuphunzitsa okha m'chaka chake choyamba anakwezedwa n'kukhala wamkulu kwa iwo, ndipo anabwera mu ofesi mwawo kudzawalimbikitsa kuti asataye mtima.

Mwana wawo wamkazi woyamba, amene ali ndi mutu ngati wa amake, ananena pa chakudya kuti iye za yunivesite ayi, akufuna kuphunzira kuluka kwa ine. Achemwali anayamba kumukalipira, koma anaima pakati pa chiganizo n'kunena kuti, "Mwina."

Ngakhale alamu nthabwala zinawathera. Tsiku lina anabwera ku saluni kudzaona firiji yanga ya zakumwa, imene sinali yowonongeka. Anaizungulira, anaigogoda, kenaka anati, "Mlamu, akulu akowa uwauze. Munthu sabweza ngongole ya kuleredwa mpaka kudzimaliza. Ine ndikanena amati sindikumvetsa za sukulu." Ndinawauza achemwali. Anati alamu akunena zoona, kenaka anafunsa ngati ndingawaluke msanga chifukwa Aphunzitsi akudikira.

Pepala la awiriwo linatumizidwa tsiku lotseka lisanafike, lopanda dzina, masamba okwanira. Analiona pa geti ndi munthu wina, poti achemwali sakanadziweruza okha. La achemwali lija chaka chimenecho silinapite.

Yankho litabwera anandiitananso kuti ndiwaperekeze. Linali lakanidwa. Koma ulendo uno panali ndemanga za owunika atatu, zazitali. Achemwali anazisindikiza n'kuwawerengera a Madilowa mokweza, ine ndikumeta. Woyamba anati mfundoyo ndi yosangalatsa koma umboni ndi wa laibulale imodzi yokha. Wachiwiri anatsutsa pafupifupi chilichonse, ndime ndi ndime. Wachitatu analikonda.

Ndinayembekezera kuti akhumudwa. M'malo mwake anayamba kusuntha pa mpando mpaka ndinachotsa sizasi kuopa kuwadula khutu.

"Bwereza za wachiwiriyo," anatero. Achemwali anabwereza. "Ameneyu ndi mwana. Akusokoneza funso ndi chosowa cha munthu. Koma wawerenga! Waona pamene watchula tsamba lachisanu? Wawerenga mpaka mkati." Anaseka, koyamba chiwadziwireni. "Timuyankha ameneyu. Tipeze laibulale ina, mwinanso ziwiri, chaka chamawa..."

"Aphunzitsi," anatero achemwali. "Ndatopa."

Ananena motsitsa, mapepala ali m'manja. A Madilowa anatenga galasi lawo lija n'kuwayang'ana nalo kumaso, ngati akuwerenga tizilembo ting'onoting'ono. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Wakalamba," anatero.

"Eya."

"Ndakukalambitsa ndine?"

"Mwathandizirako."

Anaika galasi pansi. "Nanenso ndinatopa kalekale, mwana wanga. Kungoti ine ndilibe china chochita, iwe uli nazo zambiri." Anatambasula dzanja kuti awapatse ndemangazo. "Undisiyire izi. Wachiwiriyu ndithana naye ndekha."

Miyezi ingapo pambuyo pake anagwa pa masitepe aja, ndipo mwana wawo wamwamuna anabwera kudzawatenga kuti azikakhala naye ku mzinda wina. Kabati ya timadilowa sinakwane m'galimoto, ndiye ili kwa achemwali, pakhonde, alamu akusungiramo masikuluwu ndi tizitsulo ta mafiriji. A Madilowa amaimba foni mwa apo ndi apo. Amati yankho lawo kwa wowunika wachiwiri latsala pang'ono kutha. Achemwali anawauza kale kuti kulibe kolitumiza, poti wowunikayo sadziwika, koma iwo amati zimenezo si vuto lawo.

Achemwali analembera a komiti kuti akusiya ntchito ya pa geti. Anayankhidwa kuti palibe vuto, angopeza wowalowa m'malo. Aliyense amene amamufunsa amati aganizira kaye, ndiye mpaka pano akadali pomwepo. Pepala lawo lija analitumiza sabata yatha, atalidulanso n'kulisintha mutu. Yankho lidzabwera miyezi ikubwerayi. Nditawafunsa ngati ulendo uno ali ndi chiyembekezo, anati akalilandira adzafunika kukonzekera zokalankhula, akalikana adzafunika kulikonzanso, ndiye konsekonse ndi ntchito.

Masiku ano akaweruka amafika pakhomo dzuwa likadalipo, amaimitsa galimoto kunja kwa mpanda, n'kuzimitsa injini, koma satuluka. Amangokhala, manja pa chiwongolero, mawindo otseka. Poyamba ana ankathamanga kukagogoda. Alamu anawaletsa. Amaima pa zenera la kukhitchini kuyang'anira, ndipo akaona chitseko cha galimoto chikutseguka m'pamene amatereka madzi a tiyi.